Masipika osiyana m'bokosi limodzi la bezi: mmene tinapangira lathu ku Dedza

Kuno kwathu masipika sagulidwa tsiku limodzi. Ina imabwera ndi alamu ochokera ku Johannesburg, ina munthu amaitola motchipa ku Lilongwe kwa ogulitsa zamagetsi zakale, ina ndi yotsala pa wailesi imene inapsa kalekale. Akachuluka m'nyumba, maganizo amene amabwera msanga ndi oti kalipentala akhome chibokosi chimodzi, aboole mabowo, onse alowe momwemo. Ine ndimakonza mawailesi, ma TV ndi maampu pafupi ndi msika wa pa boma pano, ndipo mabokosi opangidwa motero amafika pa benchi yanga pafupipafupi. Madandaulo a eni ake sasiyana: bokosi ndi lalikulu koma bezi palibe, ampu ikutentha n'kumazima yokha, sipika yaing'ono yang'ambika pomwe yaikulu ili bwinobwino. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndinachita pamene kwaya ya achinyamata ya kutchalitchi kwathu, mbali ya ku Bembeke, inandipempha bokosi la bezi la masipika amene anali nawo kale. Bokosilo likuimba mpaka lero, ndipo chimene chinalipulumutsa n'choti sipika iliyonse tinaipatsa chipinda chake, ampu yake ndi gawo lake la nyimbo.

Masipika analipo anayi. Yoyamba inali ya mainchesi 15, ya ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), yochotsedwa m'bokosi la PA, la zokuzira mawu pa gulu la anthu, limene linafufuma ndi chinyezi. Pepala lake ndi lopepuka, m'mphepete mwake muli nsalu yopindapinda. Yachiwiri inali ya m'galimoto, ya mainchesi 12, ya ma ohm 4, ya maginito aakulu ndi labala wokhuthala m'mphepete. Ndiye panali timasipika tiwiri ta mainchesi 8 tochokera pa wailesi ya m'nyumba. Amayi oyang'anira kwaya anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, zathu ndi zomwezi, ndalama yogulira zina palibe. Ife tikungofuna kuti kiyibodi ikamalira, bezi izifika kwa anthu a kumbuyo."

Ndisanagwire thabwa lililonse ndinayamba ndayeza masipikawo imodziimodzi, ndipo izi aliyense angathe. Tengani batire la tochi la 1.5 V, gunditsani mawaya awiri a sipika ku nsonga zake. Pepala likatumphukira kutsogolo, waya amene wakhudza + ya batire ndiye + ya sipikayo. Lembani pomwepo ndi penti. Kadontho kofiira kamene mwakapeza pa sipika musakadalire, makamaka ngati sipikayo inapitako kwa okulunga makoyilo, waya wokulungidwa umene umayendetsa pepala. Kenako yalani zala mozungulira pakati pa pepala n'kukankha pang'onopang'ono, mofanana mbali zonse. Likamayenda mwakachetechete, ili bwino. Mukamva kukhwekhwereza ndiye kuti koyilo ikukhuda maginito, ndipo sipika yotero musaimangire bokosi isanakonzedwe. Chomaliza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa cha m'ma 6, ya ma ohm 4 imaonetsa 3 ndi pang'ono, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chimene ndimachenjeza anthu ndi ichi: koyilo yokulungidwanso kawirikawiri siifanana ndi yoyamba. Waya amatha kukhala wowonda kapena wokhuthala, mizere yochuluka kapena yochepa, choncho zolembedwa kumbuyo kwa maginito zimasiya kunena zoona. Yezani nokha.

Timasipika ta mainchesi 8 ndinatichotsa pa nkhani ya bezi tsiku lomwelo. Bezi imafuna mpweya wambiri wokankhidwa nthawi imodzi. Pepala la sipika ya 15 limakankha malo a pafupifupi 850 cm², la 12 pafupifupi 500 cm², pomwe la 8 ndi 210 cm² chabe. Kuti ka 8 katulutse bezi yofanana ndi ya 15, kayenera kuyenda mtunda wotalika kanayi, ndipo sikanapangidwire zimenezo. Tinatikhomera timabokosi take tiwiri, n'kuikamo matwita, timasipika ta mawu okwera kwambiri, kuti tizinyamula mawu a oimba. Kumeneko tikuchita bwino kwambiri.

Zinatsala ziwirizo, 15 ndi 12, ndipo ngakhale zonse anthu amaziwerengera m'gulu la bezi, khalidwe lake ndi losiyana kutalitali. Oimba ng'oma kuno amadziwa kuti ukamata phula pakati pa chikopa, ng'oma imatsika mawu n'kumalira mozama, koma imafunanso dzanja lamphamvu kuti imveke patali. Sipika ya m'galimoto inapangidwa choncho: pepala lolemera, lotsika pansi kwambiri, koma ladyera pa magetsi, chifukwa m'galimoto malo ndi ochepa ndipo sifunika kufuula. Ya PA pepala lake ndi lopepuka, limafuula ndi magetsi ochepa, koma silifika pansi penipeni. Opanga masipika amayeza kukwera kwa mawu sipika itapatsidwa watt imodzi, choyezera chili pa mtunda wa mita imodzi. Masipika a PA a mainchesi 15 nthawi zambiri amakhala cha m'ma 95 mpaka 98 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), a m'galimoto cha m'ma 85 mpaka 88 dB. Kusiyana kwa 10 dB kumaoneka kochepa papepala, koma kumatanthauza magetsi ochuluka kakhumi. Phokoso limene 15 ikutulutsa ndi ma watt 30, ya m'galimoto imafuna ma watt 300 kuti ilifikire. Mukazilumikiza pa ampu imodzi, palibe mmene mungakwezere imodzi osakweza inzake.

Kalipentala wathu ndi bambo wachikulire, mmisiri weniweni, amene wakhala akupanga makabati ndi mabenchi a m'tchalitchi kuyambira ine ndili mwana. Ataona chojambula changa chili ndi khoma pakati anafunsa kuti, "Nanga khomali n'lachiyani, mphwanga? Si kuwononga thabwa kumeneku? Paja mpweya ukachuluka m'katimu si ndiye bezi imakula?" Ndinati, "Madala, tabwerani kuno muone." Pa shopu panali bokosi la kasitomala, la chipinda chimodzi, lokhala ndi sipika ya 12 ndi ya 10, losalumikizidwa ku ampu iliyonse. Ndinawapempha kuti aike chikhatho pa yaing'onoyo, ine n'kukankhira mkati pepala la yaikulu. Pepala la 10 linatukuka n'kuwakankha m'dzanja. "Ii, ikutuluka yokha!" Ndinasiya, n'kubwerera. Ndinakankhanso, n'kutukukanso.

Zimenezo n'zimene zimachitika kambirimbiri pa sekondi nyimbo ikamalira. Masipika onse awiri amayesa kulowa mkati nthawi imodzi, koma yamphamvu imapanikiza mpweya wambiri, ndipo mpweyawo umakankha yofookayo kuti ibwerere. Yofookayo imayamba kuyendetsedwa ndi inzake m'malo moyendetsedwa ndi koyilo yake. Bezi imene imodzi yatulutsa, ina imaimeza. Ndipo mukakweza voliyumu pofuna kubweza bezi yotayikayo, yaing'ono imang'ambika m'mphepete kapena koyilo imapsa. Masipika ofanana ndendende, a kampani imodzi ndi mtundu umodzi, atha kukhala chipinda chimodzi popanda vuto, chifukwa amakankha mofanana. Osiyana ayi. Madala aja atamva anangoti, "Basi khomalo tiika, ndipo tilimata guluu mbali zonse zinayi."

Pa nkhani ya mawaya ndi pamene maampu ambiri amafera. Mukalumikiza sipika ya ma ohm 8 ndi ya ma ohm 4 mwa parallel, kutanthauza + ku + ndi − ku −, ampu imaona ma ohm 2.7. Maampu ambiri a m'nyumba ndi a PA otchipa sanapangidwire kutsika pansi pa ma ohm 4, n'chifukwa chake amatentha n'kumazima. Kuwonjezera apo, magetsiwo sagawidwa mofanana: ya ma ohm 4 imatenga magawo awiri mwa atatu. Mukalumikiza mwa series, kutanthauza − ya imodzi ku + ya inzake, ampu imaona ma ohm 12, imazizira ndithu, koma mphamvu yake imatsika kwambiri, ndipo tsopano ya ma ohm 8 ndiyo ikutenga magawo awiri mwa atatu. Njira zonse ziwiri, masamu ndi amene akukusankhirani sipika yoti ifuule, osati makutu anu. Ife tinapatsa ya 12 ampu yake ya m'galimoto ya mono, ya tchanelo chimodzi, ya 15 n'kuipatsa ampu ya matchanelo awiri yolumikizidwa mwa bridge, kutanthauza matchanelo onse awiri kukankha sipika imodzi. Bridge pa sipika ya ma ohm 8 ndi yabwino, chifukwa tchanelo chilichonse chimamva ngati chanyamula ma ohm 4. Bridge pa ma ohm 4 musachite pokhapokha buku la ampuyo litavomereza.

Tsopano kukula kwa chipinda. Sipika yopanda bokosi ilibe bezi chifukwa pepala likakankha mpweya kutsogolo limakoka wa kumbuyo, ndipo awiriwa amakumana m'mbali n'kuthetsana. Funde la mawu a 50 Hz, kutanthauza ogwedezeka ka 50 pa sekondi, ndi lalitali pafupifupi mamita 7, choncho kuzungulira sipika si nkhani kwa ilo. Ntchito ya bokosi ndi kutsekera mawu a kumbuyo, kapena kuwatembenuza kudzera pa paipi yoikidwa pa bokosilo kuti athandize a kutsogolo. Masamu ake analembedwa ndi Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, ndipo Richard Small anawakuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Manambala atatu amene muyenera kufufuza ndi Fs (kamvekedwe kamene pepala limagwedezekapo mosavuta palokha), Qts (muyeso wa mmene sipika imadziletsera kugwedezekako) ndi Vas (kufewa kwa kayendedwe ka pepala, koyezedwa m'malita a mpweya). Ngati sipika yanu ili ndi dzina ndi nambala ya mtundu wake, ndipo sinakulungidwepo, afufuzeni pa intaneti n'kuwalowetsa mu WinISD, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, ikuuzani malita ndi kutalika kwa paipi. Mwachidule, sipika ya Qts yochepera 0.4 imakonda bokosi la paipi, ya Qts yoposa 0.5 imakhala bwino m'bokosi lotseka.

Athu analibe mapepala, ndiye ndinayeza Fs ndekha. Ndinatsitsa pa foni pulogalamu yoliza kamvekedwe kamodzikamodzi, ndinalumikiza foniyo ku ampu voliyumu ili pansi, n'kuika resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, ya ma ohm 100 pakati pa ampu ndi sipika. Sipikayo ndinaipachika ndi chingwe pa denga la shopu kuti isakhudze kanthu, multimeter ili pa AC pa nsonga za sipika. Kenako n'kumakweza pang'onopang'ono kuchokera pa 20 Hz. Nambala ya pa multimeter imakwera, imafika pachimake, kenako imayamba kutsika. Pachimakepo ndiye Fs. Ya 12 inafika pachimake cha m'ma 30 Hz, ya 15 cha m'ma 45 Hz. Manambala awiriwa ndi amene anagawa ntchito: ya 12 inyamule pansi penipeni m'chipinda chotseka, ya 15 inyamule bezi yogunda pachifuwa m'chipinda cha mapaipi. Kwa sipika yosadziwika bwino, chipinda chotseka chimakhululuka; mukaphonya ndi malita asanu simumva kusiyana kwenikweni. Cha mapaipi sichikhululuka chotero.

Malita amawerengedwa ndi miyeso ya mkati, osati ya kunja: m'lifupi, m'litali ndi kuya m'masentimita, kuchulukitsa zonse, n'kugawa ndi 1,000. Chipinda cha 15 tinachipanga 45 cm m'lifupi, 62 cm kutalika, 40 cm kuya, zomwe zikupereka malita 111 ndi theka. Mukachotsapo malo amene atengedwa ndi maginito ndi mafelemu a sipika, mapaipi ndi mitanda yolimbitsira, patsala pafupifupi malita 100, ndowa zisanu za malita 20. Cha 12 tinachipanga 45 ndi 34 ndi 26, pafupifupi malita 40, ndipo kuchotsapo sipikayo patsala cha m'ma 36. Poti chipinda chimenechi sichifika kumbuyo kwa bokosi, panatsala kamphako kotseguka kumbuyo, ndipo m'menemo tinaikamo crossover, kachipangizo kogawira masipika nyimbo, ndi polumikizira mawaya. Maampu tinawakhomera pa thabwa lawolawo kunja kuti azipitidwa mphepo komanso asamagwedezeke.

Pa mapaipi ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ambiri amangoboola bowo poganiza kuti sipika ikufuna kupuma. Bowolo si lopumira. Mpweya wa m'paipi uli ndi kulemera kwake, ndipo umagwedezeka pamwamba pa mpweya wa m'bokosi pa kamvekedwe kamodzi kotsimikizika. Pa kamvekedwe kameneko paipi ndiyo imatulutsa bezi yambiri, pepala la sipika limangoyenda pang'ono. Paipi ikatalika, kamvekedweko kamatsika. Ikakula kukamwa, kamakwera. Tinagwiritsa ntchito paipi ya PVC ya 110 mm, yomwe ija ya madzi oipa. Paipi imodzi m'malita 100, kuti ilire pa 45 Hz, imafunika 5 cm basi, koma kwa sipika ya 15 imodzi ndi yochepa. Mpweya umathamanga kwambiri n'kuyamba kufwenthera. Tinaika awiri, ndipo apa ndi pamene anthu amadabwa: mapaipi akakhala awiri, iliyonse iyenera kutalika, osati kufupika. Masamu anatipatsa pafupifupi 17 cm iliyonse. Ndinadula 20 cm dala, chifukwa kuchepetsa n'kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera. Bokosi litatha ndinabwereza muyeso uja wa resistor ndi multimeter. M'bokosi la paipi nambala imakwera kawiri, ndipo pakati pa zitunda ziwirizo pali chigwa. Pansi pa chigwacho ndi pamene paipi ikulira. Chinayamba chili cha m'ma 43 Hz, ndinadulako pang'onopang'ono mpaka chinafika pa 45. Kumbuyo kwa paipi siyani mpata wosachepera kukula kwa kamwa lake kufika ku khoma. Ndipo kukamwa kwa mkati mangani sefa ya mabowo akuluakulu, apo ayi makoswe amamangamo chisa n'kudya pepala.

Za thabwa, Dedza ili ndi mavuto akeake. Matabwa a paini ndi osasowa kuno, ndipo ndi otchipa, koma pa bokosi la bezi sathandiza. Amauma n'kukhwinyata, molumikizira mumatseguka, mpweya n'kumatuluka. MDF, thabwa la utuchi wopanikizidwa, ya 18 mm ndi yabwino kwambiri pa mawu, yolemera ndi yosalira, koma imamwa madzi. Ndi nkhungu ya mu June ndi July, ndiponso chinyezi cha dzinja m'tchalitchi cha simenti, m'mphepete mwake mumafufuma msanga ngati simunapake vanishi paliponse. Blockboard imapepuka koma mkati mwake mumakhala timipata timene timanjenjemera. Ife tinasankha plywood ya 18 mm, ndipo tinakaigula ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Thabwa limodzi la 2,440 ndi 1,220 mm silinakwane, chifukwa kutsogolo, kumene kwanyamula masipika, tinaphatikiza awiri. Posankha, yang'anani m'mphepete: mizere ikhale yothinana, yopanda mabowo.

Polumikiza, misomali yokha siikwanira. Tinapaka guluu wa matabwa pa mzere uliwonse, n'kumanga ndi masikuluu motalikirana pafupifupi 15 cm, titayamba taboola timabowo kuti plywood isang'aluke. Mkati mwa chipinda chachikulu tinapingasa mitanda iwiri, umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, wina kutsogolo kupita kumbuyo. Gogodani khoma ndi chibakera: likamveka "gu" mofupika lalimba, likamalira motalika likufuna mtanda wina. Khoma limene likunjenjemera likudya bezi yanu. M'makona monse tinamata silicone, pamodzi ndi pa kabowo kodutsa waya, n'kudikira kuti fungo lake litheretu tisanaike masipika. Pansi pa mkombero wa sipika iliyonse tinayala labala wodula ku chubu cha njinga. M'chipinda chotseka tinadzazamo thonje la m'mapilo mosapanikiza, lomwe limapangitsa sipika kumva ngati chipinda chakula pang'ono. M'chipinda cha mapaipi tinangomata siponji ku makoma, kutali ndi kamwa la mapaipi.

Kuti tidziwe ngati mpweya ukutuluka, tinayatsa koyilo ya udzudzu, n'kuliza 30 Hz motsitsa, ine n'kumayendetsa utsiwo m'mizere yonse ya bokosi. Utsi unkakwera mowongoka paliponse mpaka pa kona ina ya kumbuyo, pamene unayamba kuvinavina. Madala anaika chala pamenepo n'kumva kamphepo, anathirapo guluu wosakaniza ndi utuchi, utsi n'kuwongoka. Chipinda chotseka chili ndi muyeso winanso wosavuta: kankhani pepala pang'onopang'ono n'kusiya. Dzanja limve kuti mpweya wa mkati ukukana. Yesaninso kukankha 15, mutatseka mapaipi, mukuyang'ana 12. 12 ikangosuntha, khoma la pakati likudontha.

Chipinda ndi ampu zikakhala zosiyana, chatsala ndi kugawa nyimbo. Tinagwiritsa ntchito ka crossover ka m'galimoto koyendera 12 V. Ya 12 tinaipatsa zonse za pansi pa 55 Hz. Ya 15 tinaipatsa kuyambira 45 Hz kufika 120 Hz, ndipo kuchokera pamenepo kupita m'mwamba ndi ntchito ya timabokosi ta oimba tija. Kudula 15 pa 45 Hz kuli ndi phindu lina lalikulu. Pansi pa kamvekedwe ka paipi, bokosi limasiya kugwira pepala, ndipo pepalalo limakupiza mopanda malire osatulutsa mawu enieni. Masipika ambiri a PA amene amabwera kwa ine atang'ambika anafa motero, osati chifukwa cha kuchuluka kwa ma watt.

Pamalo pamene masipika awiriwa akukumana, cha m'ma 50 Hz, pamafunika khutu. Chipinda chotseka ndi cha mapaipi sizitulutsa mawu pa nthawi yofanana ndendende, choncho ngakhale + ndi − zili zolondola monga mwa batire, n'zotheka kuti pamenepo zikuthetsana. Ndinaliza 50 Hz pa masipika onse, n'kupempha mnyamata woimba kiyibodi kuti akakhale pa benchi ya pakati pa tchalitchi. Ndinatembenuza switch ya phase, imene imatembenuza mbali yokankhira pepala, pa ampu ya 12 kuchoka pa 0 kupita pa 180. "Achimwene, pamenepo! Poyamba paja inathawa, tsopano yadzaza." Tinaisiya pa 180. Ngati ampu yanu ilibe switch imeneyi, ingosinthanitsani mawaya awiri a sipika imodzi, n'chimodzimodzi. Womvetsera akhale kumene kumakhala anthu, osati pafupi ndi bokosi. Mukatero, kwezani ampu ya sipika ya m'galimoto mpaka bezi ya pansi ilingane ndi ya pamwamba, poyesa ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino.

M'tchalitchi tinapeza kuti malo oika bokosi amasintha zambiri. Pakati pa guwa bezi inali yochepa. Titalisunthira pansi pafupi ndi kona, inakula osakhudza voliyumu, chifukwa makoma amathandiza kukankhira mawu kwa anthu. Panabukanso phokoso lina limene anthu ankati ndi la sipika, koma linali la malata awiri omasuka ndi galasi la windo. Misomali ingapo ndi kachidutswa ka labala zinathetsa. Ana amakonda kukhala pafupi ndi bokosi kuti azimva likuwagwedeza. Ife timawakhazika patali, chifukwa khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso.

Kutchalitchi kwathu timadalira sola ndi batire, ndiye magetsi tiyenera kuwawerengera. Ampu yotulutsa ma watt 300 pa 12 V imakoka cha m'ma 30 A bezi ikagunda. Waya wochokera ku batire akhale wokhuthala ndi wamfupi, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi + ya batire, osati pafupi ndi ampu. Waya akagundana popanda fyuzi, moto umayaka. Batire likafooka, ampu imayamba kudula nsonga za mafunde, mawu amasasa, ndipo kusasa kumeneko kumatenthetsa koyilo. Mukamva bezi yayamba kuphwephwera, tsitsani, musakweze. Pogula ampu yang'anani ma watt a RMS, amene ampu imatulutsa mosalekeza. Nambala zikuluzikulu za PMPO zolembedwa pa katoni zilibe ntchito. Timabolodi tating'ono ta ampu ta TPA3116 timene tafala masiku ano timalembedwa 100 W, koma pa batire la 12 V ndi sipika ya ma ohm 4 simungapeze zoposa ma watt 18 oyera. Timafuna 24 V kuti tiyandikire zimene talembedwa, ndipo pa sipika ya m'galimoto ngati yathuyi ndi tochepa.

Bokosi lathu ndi lalitali kupitirira pang'ono mita imodzi, ndipo limafuna anthu awiri amphamvu kuti alinyamule. Tinalipanga limodzi chifukwa limakhala m'tchalitchi. Amene mumayenda ndi zoimbira m'mazinkhoswe ndi m'maukwati, pa ngolo kapena pa njinga yamoto, khomani mabokosi awiri osiyana a miyeso yomweyi. Mawu sasintha, ndipo msana wanu upuma.

Ndinenenso chilungamo pa zimene bokosi lotere silingathe. M'nyumba, sipika ya m'galimoto ija imamveka bwino. Mawu a pansi a kiyibodi amadzaza tchalitchi, ndipo mukaizimitsa aliyense amazindikira. Panja nkhani ndi ina. Tinapita nalo ku chinkhoswe cha mmodzi wa oimba athu, pabwalo lopanda khoma, ndipo 12 inkangomveka ukaima pafupi, pomwe batire inkalidya kuposa 15. Kuyambira pamenepo, tikakhala panja timaizimitsa, 15 n'kunyamula yokha. Choncho amene ntchito yanu yambiri ndi ya pabwalo, musavutike n'kusakaniza. Gulitsani ya m'galimotoyo kwa wa minibasi, muwonjezere ndalama mupeze 15 yachiwiri yofanana ndi yoyamba. Masipika awiri ofanana, oyandikana, iliyonse ikulandira magetsi omwewo, amakweza bezi ndi pafupifupi 6 dB, ndipo awiri a ma ohm 8 mwa parallel amapereka ma ohm 4 amene maampu ambiri amanyamula mosavuta. Kwaya yathu yayamba kusonkha ndalama za 15 yachiwiri kuchokera pa mbatatesi za m'munda wa achinyamata, ndipo madala asunga kale pepala la miyeso: 45, 62 ndi 40, mapaipi awiri a 110 mm.